Kipchoge amagona masana, ife tikunyadira kusagona

Abale anga amalonda, masiku ano pa WhatsApp pakungoyenda zithunzi za akatswiri amasewero, m'munsi mwake mawu oti wofuna kulemera asagone. Ine ndikuona ngati tikutolako phunziro lolakwika kwa anthu amenewa.

Tengani Eliud Kipchoge wa ku Kenya. Pa 12 October 2019 ku Vienna anathamanga makilomita 42 m'maola osakwana awiri, 1:59:40. Koma ku kampu yake ya Kaptagat munthuyu akathamanga m'mawa amadya n'kukagona masana. Masiku ambiri amathamanga mofatsa, liwiro lenileni amasungira masiku ochepa. Ndipo ali ndi kope lomwe wakhala akulembamo zimene wachita pa tsiku, kwa zaka ndithu.

Kope limenelo ndi lomwe ambirife tilibe. Timadziwa kuti lero zayenda poona kufufuma kwa thumba basi. Mwaoda katundu wa R3,000, mwagulitsa R4,200, mtima uli m'malo kuti mwapeza R1,200. Chotsanipo takisi yopita kooda ndi kubwerera, lendi ya malo, chakudya chamasana, ndi uja anatenga pangongole n'kusintha nambala. Yatsala zingati? Kenako foni yalira kuchokera kumudzi, fizi ya mwana, feteleza, maliro. Mwatumiza, n'zoyenera kutero, palibe akukana. Vuto ndi loti simukudziwa ngati mwatumiza phindu kapena mwadula mpamba. Wothamanga wosalemba nthawi zake amangomva kutopa n'kumaganiza kuti akupita patsogolo. Ifenso chimodzimodzi, kutopa tikukuyesa phindu.

Amene muli ku Joni kapena ku Durban mwaionapo Comrades, mpikisano wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, pafupifupi makilomita 90. Ali ndi maola 12 okha. Nthawi ikakwana mfuti imalira, ngakhale utatsala ndi mapazi atatu mendulo palibe. Ambiri amene amagwa m'njira si aulesi ayi, anayamba ndi liwiro la mnzawo. Eti mwaona wapafupi watsegula shopu yachiwiri, nanunso mwathamangira katapila kuti mufanane naye, osadziwa kuti iyeyo wakhala akusunga zaka zisanu. Kapena Disembala malonda atentha, mwadyeratu zonse, Januwale makasitomala ali ndi za sukulu, lendi ikukudikirani.

Chinanso, ku Vienna kuja Kipchoge sanali yekha. Othamanga 41 ankasinthana kumutsogolera, kumutchingira mphepo ndi kumusungira liwiro. N'chifukwa china nthawi ija sinawerengedwe ngati rekodi yovomerezeka. Ife malonda athu alibe lamulo loletsa kuthandizana, koma timabisirana ngakhale komwe tikuoda. Anthu asanu mukaoda pamodzi mtengo umatsika, thiransipoti mumagawana. Chipereganyu nachonso chimagwira ntchito, bola mukhale ndi malamulo olembedwa ndi anthu odziwana pokhala, osati kungodalira kuti tonse ndife a kwathu.

Wina anena kuti Kipchoge ali ndi kochi, Patrick Sang, ali ndi makampani omulipira, pomwe ife tikatseka tsiku limodzi ndiye kuti tagona ndi njala, ena mapepala ali pendapenda. Zoona zimenezo, ndipo sindikuuza mayi wogulitsa pamsewu kuti azigona masana. Koma thupi ndi mpamba womwe sungaode kwina. Kuima maola 14 tsiku lililonse, miyendo ikutupa, BP osayezetsa, tsiku lomwe mudzagwe katundu adzagulitsa ndani? Sankhani tsiku lomwe malonda amakhala ozizira, kaya Lachiwiri kaya Lamlungu masana, mutseke msanga. Tsiku lomwelo tsegulani kope, muwerengere za sabata yonse, ndalama ya oda muike payokha musanayankhe mafoni akumudzi.