Chidwi Si Kuyasama Kukamwa

Mawu oti "chidwi" tawapundula. Masiku ano tikati munthu wachita chidwi timatanthauza kuti waima, wapenya, wayasama kukamwa, kenaka wapitiriza ulendo wake. Galimoto yachilendo ikadutsa pamsika anthu amachita nayo chidwi. Chidwi chotere n'cha maso okha, ndipo chimatha fumbi la galimotoyo lisanakhazikike.

Mawuwa ali ndi mbali ina imene tikuitaya. Kuchita chidwi ndi kukhala ndi chidwi n'zosiyana. Wochita chidwi amati, "Taonani!" Wokhala ndi chidwi amati, "Zikutheka bwanji?" ndipo tulo samuona kufikira atapeza yankho.

Ndikunena izi mwamanyazi, pakuti inenso ndili mphunzitsi ndinkalemba pamalipoti kuti, "Mwanayu alibe chidwi pa maphunziro." Kodi ndinkatanthauzanji? Ndinkangodandaula kuti sankakhala phee n'kumandiyang'ana ndikamalemba pabolodi. Koma mwana wofunsafunsa, mwini chidwi weniweni, tinkamutcha wolongolola, mwinanso wamwano. Kumudzi nako amakalipiridwa kuti, "Iwe, mafunso ngati wapolisi!" Chonsecho akulu omwewo ndiwo adatisiyira mwambi woti safunsa adadya phula.

Taganizirani za William Kamkwamba wa kudera la Wimbe, m'boma la Kasungu. Ambiri adaiona nyali ya njinga ikuwala usiku nachita nayo chidwi. Iye adafuna kudziwa chimene chimachitika m'kati mwa dayinamo tayala likamazungulira. Njala ya 2001 mpaka 2002 itasautsa makolo ake, adasiyira panjira sukulu ya sekondale kaamba kosowa fizi. Adakabwereka mulaibulale buku lotchedwa Using Energy, natoleza zitsulo zotayidwa, ndipo m'chaka cha 2002 adamanga makina oyendera mphepo amene adayatsa magetsi pakhomo pawo. Pamene ankatola zitsulozo anthu ankati wachita misala, ena n'kumati akusuta chamba. Babu litayaka, anthu omwewo adakhamukirako kukachita chidwi.

Ena adzati kufunsitsa kumabala miseche ndi ukazitape. Iyayi, makhalidwe amenewo ali ndi maina awo kale, ndipo ndangowatchula kumene. Wosuzumira m'nyumba za eni ndi wosuzumira m'dayinamo sitingawapatse dzina limodzi. Tikawaphatikiza, mwana wanzeru amaphunzira kukhala chete poopa kutchedwa wamiseche.

Inu ophunzira, mphunzitsi akadzakulemberani palipoti kuti mulibe chidwi, mudzamufunse mwaulemu kuti akunena chidwi chiti.