Inshuwalansi Iyambe, Maziko Atsatire

Anthu a ku Nguludi sadzaiwala zimene namondwe wa Freddy anachita m'boma la Chiradzulu m'mwezi wa March 2023. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri ndi kukokolola mudzi wa Ntauchira, m'dera la Mfumu Yaikulu Likoswe. Misewu inaduka ndipo milatho inapita ndi madzi. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo yawo, ndipo kafukufuku wa boma anapeza kuti chuma chimene chinaonongeka chinaposa madola 500 miliyoni a ku America.

Zimene zinagwa ziyenera kumangidwanso, pakuti odwala opita ku chipatala cha St Joseph's ndi ophunzira a pa Catholic University, imene inatsegulidwa mu 2006, sangayende popanda misewu yabwino. Koma tisanayambe kukumba maziko, tiyenera kudzifunsa funso limodzi: mvula ina ikadza ntchito ili pakati, nigwetsa mlatho wosatha, adzalipira ndani?

Yankho lake ndi inshuwalansi ya ntchito zomanga. Mapangano a ntchito zikuluzikulu amalamula kontirakitala kuti agule inshuwalansi imeneyi asanayambe ntchito. Imateteza chomangidwacho, simenti, zitsulo ndi makina zimene zili pamalopo ku moto, madzi osefukira ndi akuba. Imalipiranso munthu wapadera amene wavulala, kapena amene nyumba yake yang'ambika kaamba ka ntchitoyo. Popanda chitetezo chotere, kontirakitala wochepa mphamvu amangothawa, ndipo boma limakakamizika kulipira kawiri ntchito imodzi. Ndalama zachiwirizo ndi msonkho wa mlimi wa nandolo ndi mayi wogulitsa tomato pamsika.

Nchifukwa chake tikulankhula kwa inu akuluakulu a m'maofesi a boma ndi a makhonsolo, amene mumasaina mapangano m'dzina la mtundu wa a Malaŵi. Kulandira chikalata ndi kuchiika m'kabati sikukwanira. Funsani kampani ya inshuwalansi yeniyeniyo ngati chikalatacho nchoona ndiponso ngati ndalama zake zinalipidwa. Onetsetsani kuti kampaniyo ili ndi chilolezo cha ku Reserve Bank of Malawi, kumene amayang'anira ntchito za inshuwalansi. Werengani ndi malemba ang'onoang'ono omwe, popeza zikalata zina zimaika malire pa za madzi osefukira, amene ndiwo mdani wamkulu wa zomangamanga m'chigawo cha kummwera.

Pali zinthu zina ziwiri zimene zimaiwalika kawirikawiri. Choyamba ndi nthawi. Ntchito yolinganizidwa miyezi 12 ikafika miyezi 20, inshuwalansi yake iyenera kutalikitsidwa. Apo ayi, miyezi yotsalayo ntchitoyo ili pambalambanda. Chachiwiri ndi mtengo. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya simenti ndi zitsulo inakwera. Chikalata cholembedwa pa mitengo yakale sichingamangenso mlatho pa mitengo yatsopano.

Nawonso makontirakitala adziwe kuti inshuwalansi si chofunda cha chinyengo. Munthu wochepetsa simenti mwadala, kapena wokumba maziko osaya m'mbali mwa mtsinje, asayembekeze kuti kampani idzalipira ntchito yake yolakwikayo. Adziwenso kuti wantchito wovulala pantchito ali ndi ufulu wolandira chipukuta misozi monga mwa lamulo, ngakhale akhale wonyamula njerwa chabe.

Atsogoleri a m'midzi ndi makomiti a chitukuko ali nayonso mbali yawo. Pamsonkhano wopereka malo kwa kontirakitala, asachite manyazi kufunsa ngati ntchitoyo ili ndi inshuwalansi, ya kampani iti, ndipo itha liti. Kufunsa kotere si mwano ayi, chifukwa mlathowo ngwawo ndipo adzaolokapo ndi ana awo.

Makolo athu anati tsoka silinunkha. Dziko lino laona Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, kotero palibe amene angadzanene kuti sanachenjezedwe. Ku Nguludi ndi kwina kulikonse, khasu lisagwe pansi chikalata cha inshuwalansi chisanaonedwe ndi kutsimikizidwa.