Mphande: Nkhono Imene Inali Mtengo wa Munthu

Ana a masiku ano akamva liu lakuti mphande amayesa ndi dzina la banja cabe. Koma kwa makolo athu mphande inali cuma cobvala mafumu, coyera, cobulungira, cokhala ndi mzere wozungulira pakati pake.

Cuma cimeneci sicinali ca kuno kumtunda ai. Amacidula ku cigoba ca nkhono ya m'nyanja ya mcere, imene ophunzira amaicha Conus. Cigobaco ndi cotakata mbali imodzi, cosongoka mbali inayo, ndipo mbali yotakatayo ndiyo anali kuidula ndi kuisalaza. Mwini cigoba si wofatsa monga nkhono ya kudimba: amalasa nsomba kapena nyongolotsi ndi kamubvi ka ululu, ndipo mitundu ina yaphapo anthu.

Amalonda anali kubwera nazo kucokera ku gombe la Indian Ocean, ndipo utali wa ulendowo ndiwo unakweza mtengo. Pa Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi, m'caka ca 1960 anafukula manda akale. Pamodzi ndi mikanda ya golide ndi mitanda ya mkuwa anapezamo mphande.

Tsono imvani za mtengo wake. Mu Januwale 1854 David Livingstone anaceza kwa Mfumu Shinde ya Alunda, imene iye analemba kuti Shinte. Mfumuyo inalowa m'hema wake mobisa, nim'bveka mphande m'khosi monga cizindikilo ca ubwenzi. Anthu amene anali naye pa ulendo anamuuza kuti mphande ziwiri zinali kugula kapolo, pamene mnyanga wa njobvu unali kufuna zisanu. Werengani bwino, abale. Dzino la nyama linaposa munthu kawiri ndi theka! Ndipo sitinganamize azungu ndi Aluya okha, pakuti wolandira mphandeyo ndi kupereka mwana wa mwini anali munthu wa kuno komwe.

Pambuyo pake amalonda a ku Ulaya, ataona kuti anthu akuzifuna, anayamba kuumba mphande zonyengezera ndi dothi lopangira mbale, nazibweretsa zambirimbiri. Ngati agogo anakusiyirani imodzi m'kathumba, mwina ndi ya m'nyanja, mwina ndi ya m'ng'anjo.