Nimu, makala ndi mwana wotentha thupi

Ife a Adventist timakonda chithandizo chachilengedwe, ndipo sitilakwa. Madzi, dzuwa, mpweya wabwino ndi kupuma zimatitchinjiriza ku matenda ambiri. Koma tikamayendera mabanja Sabata masana, nthawi zina timapeza mwana watentha thupi masiku 3, akungomwetsedwa nimu ndi makala, makolo akuti, "Tiyambe taona kaye."

Abale ndi alongo, munthu wamkulu akakana chipatala amakhala wadzisankhira yekha. Mwana wa zaka 2 sasankha. Timamusankhira ndife, koma zikavuta amavutika ndi iyeyo.

N'chifukwa chake lamulo losamalira ndi kuteteza ana la Malawi, la chaka cha 2010, limaika pa kholo udindo wopezera mwana chithandizo chamankhwala, monganso chakudya, zovala ndi pogona. Kholo likalekerera mwana wodwala, boma lili ndi mphamvu zolowererapo.

Malungo angathe kupha mwana wamng'ono m'masiku ochepa chabe. Kuyezetsa magazi pachala sikutenga ngakhale theka la ola, ndipo LA amaperekedwa ulere m'zipatala za boma. Mwana amwe masiku onse 3, ngakhale ayambe kusewera msanga. Tisamupatsenso makala pamodzi ndi LA, chifukwa makala amayamwa mankhwalawo m'mimba asanagwire ntchito. Ngati tinamupatsa kale zitsamba, timuuze dokotala osabisa.

Mpingo umene umatiphunzitsa za madzi ndi dzuwa ndi womwewonso uli ndi chipatala cha Malamulo ku Thyolo. Mwana akatentha thupi, tipemphere tili m'njira yopita kuchipatala, tsiku lomwelo.