Zikomo Atsibweni, Chifukwa cha Kanjanji Kapokhota

Atsibweni,

Zikomo chifukwa cha sitima ija munatikhomera kuseri kwa nyumba, ku komboni ya mgodi ku Mhangura. Njanji yochokera ku Harare imadutsa Banket ndi Chinhoyi n'kukafika ku Lions Den, pa nkhokwe zazitali za chimanga paja, koma kwathu sinakhotere. Njanji za ku Mhangura zinali pansi pa nthaka, mu mgodi wa kopa, kumene inu munkaziyala ndi kuzikonza kuti ngolovani za miyala ziziyenda bwino. Mwana sakanatsikira kumeneko, ndiye inu munatibweretsera njanjiyo pabwalo.

Ndikukuthokozani chifukwa cha maso anu otola. Waya wokhuthala wa mpanda, wotayidwa ku mapulazi a ku Doma, unasanduka njanji. Timatabwa ta bokosi la matimati tinakhala toyalapo. Zitini za nsomba zinakhala ngolo. Mawilo munakawapempha kwa atelala: timitengo tija tokulungapo ulusi wa makina, mukatidula pakati, mbali iliyonse inkatsala ndi mlomo wake wogwira njanji m'kati. Injini panalibe. Tinkaiyambitsira pa chulu, n'kutsika yokha mpaka pa mtengo wa mango.

Ndimakumbukira pokhota paja, pafupi ndi khola la nkhuku. Sitima ikafika pamenepo inkangoti gubudu, mawilo m'mwamba, ife misozi. Anzathu ankati tizingoikankha pang'onopang'ono. Inu munagona chafufumimba m'fumbi, mutavala malaya a kutchalitchi, diso lili pa waya, n'kutiuza kuti tiitsitsenso. Munationetsa kuti ngolo imafuna kupita molunjika, ndiye mlomo wa wilo lakunja umakanikiza njanji yakunja mpaka kuikwera n'kudumphira kuseri.

Zikomo kwambiri chifukwa cha mankhwala ake, amene sindikanawaganiza ndekha. Ine ndinkafuna tikhome mpanda kunja, kumene sitima inkagwera. Inu munadula kawaya kachitatu n'kukakhomera m'kati mwa njanji ziwirizo, moyandikana ndi njanji ya m'kati mwa pokhotapo. Mlomo wa wilo lam'kati unkadutsa m'kampata kameneko, kawayako n'kuligwira kumsana, ndipo poti mawilo awiri ali pa mtanda umodzi, lakunja lija silinkathanso kukwera. Mpatawo munkauyeza ndi mlomo wa wilo ndi kamtengo ka machesi. Ukachepa wilo linkafinyika, sitima n'kuima. Ukakula kawayako kankangokhala kokongoletsa.

Sindiiwala momwe munapindira nsonga zake ndi pulayala, zonse ziwiri, kuti zitseguke ngati pakamwa pa fanulo. Munati nsonga yowongoka imagunda wilo n'kugwetsa sitima imene inayenera kuiteteza. Patapita zaka, nditaimirira pa siteshoni ya Chinhoyi, ndinayang'ana pamene njanji zimapatukana, ndipo kanjanji kanu kanali pomwepo, kachitsulo chenicheni, nsonga zake zopindika chimodzimodzi. Anthu ankandidabwa kuti bambo wamkulu akuseka chiyani yekha m'mbali mwa njanji.

Zikomonso chifukwa cha tinzeru tina munkatiponyera mukusuta. Kakatoni ka paketi ya fodya pansi pa njanji yakunja, kuti ngolo ipendekere m'kati. Mabawuti m'zitini zakutsogolo, chifukwa chitini chopanda kanthu sichidinda njanji, chimangodumpha pa kabampu kalikonse. Pa mlatho wathu wowoloka ngalande ya madzi a kubafa munaika tiwaya tiwiri m'kati, ndipo munanena mosabisa kuti timeneto sitiletsa wilo kuphonya njanji, ntchito yake n'kuletsa ngolo yophonya kale kuti isagwere m'thope.

Za chingwe cha amayi choyanikira zovala, chimene chinasowa sabata yomwe waya wa kupulazi unatha, sindinenapo zambiri. Alongo anu anamwalira akukayikirabe ana a nyumba yoyandikana nayo. Ndinakukhululukiraninso kutukwana kwanu kwa m'Chilapalapa tikaponda njanji. Munthu amene ankagwira ntchito kumene ngolovani yophonya imaphwanya mwendo wa mnzake sakanatha kuseka njanji yopindika, ngakhale ya zitini.

Ndikuthokoza kuti masiteshoni athu munawatchula maina akwanu. Pa chulu panali pa Balaka, pa khola pa Chipoka, pamene munkati njanji imayandikira nyanja, pa mango pa Salima. Ife obadwira ku Zimbabwe, amene Chishona chinkatituluka msanga kuposa Chichewa, tinadziwa mapu a Malawi tikukwawa m'fumbi. Gule wamkulu akamavinidwa ku komboni tinkapita, koma Chipoka ndinamudziwira pa waya wanu.

Zikomo kuti simunaizule njanjiyo mu 2000, mgodi utatsekedwa. Chaka chomwecho mapulazi anayamba kulandidwa, ndipo abale athu ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anatsala opanda ntchito, ena opanda ngakhale mudzi wobwererako. Waya uliwonse nthawi imeneyo unali ndi ntchito ina, wotchera mbewa kapena womangira denga. Wa sitima munausiya, ndipo ana a anthu othawa kumapulazi anaseweranso pomwepo.

Tsopano mdzukulu wanu wamkazi ali ndi sitima ya pulasitiki ya mabatire, yogula m'sitolo. Nayonso imagwa pokhota. Ndamatira kachidutswa ka botolo la mafuta ophikira m'kati mwa njanji, nsonga ndazipinda pa kandulo, ndipo ikudutsa. Koma pamphambano ikuvutabe ikamabwerera chambuyo. Tibwera nayo pa Khirisimasi pamodzi ndi shuga ndi magalasi amaso mudapempha aja. Musadzagone m'fumbi, tidzaiyala patebulo.

Ndine mwana wa alongo anu.