Chotupa chimodzi chikachotsedwa, dokotala asathamangire kusoka

Kuseri kwa chithokomiro kuli tiziwalo tinayi totchedwa parathyroid, kalikonse kochepa ngati njere ya mpunga. Timatulutsa homoni yoyendetsa kashiamu m'magazi. Kamodzi kakachita chotupa, kawirikawiri sichikhala khansa, komabe chimakoka kashiamu m'mafupa mpaka kufooka, n'kusiya miyala mu impso. Chochiza chenicheni ndi opaleshoni, yomwe Felix Mandl anayamba kuchita ku Vienna mu 1925. Mwa odwala 100, pafupifupi 85 amakhala ndi chotupa chimodzi. Otsalawo ali ndi ziwiri, kapena tiziwalo tonse tinayi tatupa, ndipo ndi amene madokotala amawaphonya.

Masiku ano madokotala ambiri amayamba ajambula khosi ndi sikani ya sestamibi kapena ultrasound, kenaka n'kung'amba pang'ono pomwe chotupa chaonekera. Njirayi njabwino, koma sikani imakonda kuonetsa chotupa chachikulu, chaching'onocho n'kubisala. Wodwala amapita kwawo bala litapola, kashiamu akadali wokwera. N'chifukwa chake ndikuti sikani iuze dokotala poyambira basi. Pomalizira apeze umboni wina. Umboniwo ulipo. Homoni imeneyi sichedwa kutha m'magazi, ndiye gulu la George Irvin ku Miami linakhazikitsa lamulo loti ikapanda kutsika kupitirira theka pakatha mphindi 10 chotupa chitachotsedwa, dokotala apitirize kufufuza. Kumene makina oyezera mwachangu choncho kulibe, tiziwalo tonse tinayi tionedwe ndi maso. Ngakhale James Norman wa ku Tampa, yemwe kale ankalimbikitsa zong'amba mbali imodzi, analengeza mu 2012 kuti gulu lake lazisiya litachita maopaleshoni 15,000.

Otsutsa ali ndi mfundo, sindikana. Kufufuza mbali zonse ziwiri kumaika pachiswe mitsempha yonse iwiri yoyendetsa mawu, ndipo tiziwalo tabwinobwino tikavulala kashiamu amatsika kwambiri, munthu n'kumamva dzanzi m'milomo ndi m'zala. Amafunsanso: bwanji kuvutitsa anthu 85 chifukwa cha 15? Koma dzanzilo nthawi zambiri limatha pakapita masiku kapena milungu munthu akumwa mapiritsi a kashiamu, pomwe opaleshoni yachiwiri imachitika pa khosi lomwe lachita kale zipsera mkati, mtsempha wa mawu sukuonekanso bwino. Ngozi imene ankaithawa ija imakula. Ndiponso 15 aja si osadziwikiratu onse. Munthu wachinyamata, wina amene abale ake anadwalapo matendawa monga zimakhalira m'mabanja okhala ndi matenda a kumtundu otchedwa MEN1, wina amene wamwa mankhwala a lithium zaka zambiri, kapena amene sikani zake ziwiri zikutsutsana, aliyense wa iwo akhoza kukhala ndi zotupa zingapo. Kwa oterowo kung'amba mbali imodzi n'kutchova juga, ndipo wodwala ali ndi ufulu wofunsa asanasaine fomu kuti, “Adokotala, mukadziwa bwanji kuti palibe china chatsala?”