Nanga Anyamata Athu Amalangidwa ndi Yani?

Amayi anzanga, mwezi wathawu tinaika m'manda mnzathu wa m'gulu lathu la zosokasoka, mayi wa zaka 41 amene wasiya ana anayi. Nthenda imene inawatenga ndi khansa ya khomo la chiberekero. Pasiwa ndinamva manong'onong'o amene anandipweteka mtima. Ena amati analodzedwa chifukwa geni yawo ya zitenje imayenda bwino; ena, motsitsa mawu, amati nthenda yotere imagwira akazi oyendayenda. Ine malemuwa ndinakulira nawo mudzi umodzi. Anakwatiwa ali ndi zaka 18, ndipo ndinganene mosaopa kuti mwamuna amene anamudziwa moyo wawo wonse ndi mmodzi yekha.

Tsono nthendayi inalowera pati? Anamwino amene amadzatiphunzitsa pagulu anatimasulira bwino lomwe. Khansa imeneyi imayamba ndi kachilombo kotchedwa HPV, kamene anthu amapatsirana pogonana. Dokotala wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndiye anapeza mtundu wake woopsa m'zotupa za amayi odwala m'chaka cha 1983, ndipo mu 2008 analandira mphoto ya Nobel. Mitundu ya kachilomboka ndi yoposa 100, koma iwiri yokha, wa 16 ndi wa 18, ndiyo imadzetsa khansa imeneyi kwa amayi 7 mwa 10 aliwonse odwala. Ina imangotulutsa njerewere kumalo obisika, zija ambiri timangoti mauka.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti pafupifupi munthu aliyense amene anagonanapo amakatenga kachilomboka, makamaka m'zaka zoyambirira, pa unyamata ndi pa utsikana. Mwa anthu ambiri thupi limakagonjetsa lokha pasanathe zaka ziwiri, mwini wake osadziwa kanthu. Koma mwa amayi ena kamakhazikika, n'kumadya mwakachetechete kwa zaka 15 kapena 20, nthenda isanaoneke. Kwa mayi amene ali ndi HIV ndipo sakumwa mankhwala, zaka 5 mpaka 10 n'zokwana. Mwerengere nokha: maliro a mayi wa zaka 40 amakhala atayambira m'masiku a chitomero chake.

Apa ndipo pagona nkhani yanga. Mnyamata amasenza kachilomboka popanda chilonda, popanda ululu, akuoneka wasee ndi malaya ake ositasita. Ngati anayamba ndi uyu kusukulu, uyo kumsika, winanso ku Johannesburg kumene anakagwira ntchito, zonsezo amadza nazo m'nyumba ya mwana wa eni amene anadzisunga. Komatu ife tikamakonza chilangizo, anamkungwi amachezera usiku wonse ndi mtsikana, kumuuza za kudzisunga ndi za kulemekeza bambo. Mkwati naye ali kuti? Ali panja ndi anzake, akuotcha nyama. Mwana wamkazi akachedwa kuchigayo timamufunsa mpaka alire. Wamwamuna akabwera tambala atalira, timangomufundulira nsima, mwinanso kuseka kuti wakula.

Sindikuchotsera atsikana udindo wawo, ai. Kuyamba zogonana thupi lisanakhwime, ndiponso kusinthasintha zibwenzi, kumachulukitsa ngozi kwa mtsikana. N'chifukwa chake miyambo yonga ya kusasa fumbi ndi ya fisi ilibenso malo pakati pathu. Kondomu imathandiza kwambiri, koma siphimba khungu lonse, pamene kachilomboka kamayenda mwa kukhudzana kwa khungu. Mdulidwe wa kuchipatala nawonso umachepetsa, osati kuthetseratu.

M'mera mpoyamba. Kuyambira mu Januwale 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse, litayesa kaye ku Rumphi ndi ku Zomba. Alipo amayi amene amabisa ana awo tsiku la katemera, poti anamva kuti amatseka mimba kapena amapatsa mwana chilakolako cha amuna. Zabodza zimenezo. Amaperekedwa kwa ana aang'ono chifukwa amagwira bwino ntchito mwana asanakumane ndi kachilomboko. Ndipo ife amene katemera anatipitirira, tipite kukayezetsa ngakhale tisakumva kuwawa paliponse. Anamwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, malo oyamba kuwonongeka amayera, ndipo amatha kuwachiza khansa isanayambe. Koma mukaona magazi mutakhala malo amodzi ndi bambo, kapena chikazi chonunkha, musadikire tsiku la msika.

Ineyo ndili ndi mnyamata wa zaka 19. Ndinayesa kawiri kuyamba naye nkhaniyi, lilime linakana, pakuti kwathu mayi sayankhula zotere ndi mwana wake wamwamuna. Ndinatumiza uthenga kwa atsibweni ake, ndipo Loweruka lapitali anabwera pa njinga. Ndinayamba ndawafotokozera iwowo zonse zimene ndalemba pano, chifukwa nawonso anali asanamvepo za HPV. Kenaka anakhala awiriwiri pansi pa mtengo wa mango kuyambira masana mpaka nkhuku zitalowa. Poyamba ndimamva kuseka ndili kukhitchini. Kenaka kunangoti zii.